Tsiku Limene Hamisu Anakweza Dzanja

Hamisu Kassim anakulira kuseri kwa kauntala. Bambo ake anachoka ku Mangochi kalekale n'kudzatsegula sitolo ya maloko, misomali ndi mababu ku Chiputula, ndipo ankati mwanayo adzalowa m'malo. Koma mwanayo anakonda sukulu, ndipo sukulu, mwa chizolowezi chake, inam'chotsa pomwe ankafunika n'kukamuika mu ofesi. Lero ndi mkulu wa makompyuta pa bungwe lina lothandiza alimi a khofi, ku Katoto. Akuti mkulu, koma pansi pake palibe munthu aliyense: dipatimenti yonse ndi iyeyo, tebulo, ndi kabati mokhala seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a bungwe.

Ntchitoyo amaikonda. Amafika pa njinga yamoto yakale, amapereka moni m'Chitumbuka chimene a ku Rumphi amati chikuyesetsa, amamwa tiyi, amanyengerera pulinta. Sadandaula kawirikawiri.

Chimene chinkam'sowetsa mtendere ndi malaputopu a alangizi, aja amakhala kumapiri a ku Misuku, Phoka ndi Mphompha. M'laputopu iliyonse muli mayina a alimi, kukula kwa minda ndi zithunzi za mitengo yodwala. Laputopuyo imakwera matola, imanyowa ndi mvula, imagwa. Ikafa, ntchito ya chaka imafa nayo. Mankhwala ake ndi bakapu: kukopera zonse ku seva kuti chinthu chikhale pawiri.

Nkhaniyi inapita ku komiti. Komiti inakakumana ku hotela, poti nzeru za komiti sizituluka bwino mu ofesi, ndipo inagamula ziwiri. Mafulashi aletsedwe chifukwa amabweretsa mavayirasi, ndipo Hamisu atseke mabowo ake pa laputopu iliyonse. Bakapu izichitika yokha, koma pa netiweki ya mu ofesi basi, kuti zinsinsi za bungwe zisamayende mumlengalenga. Zoti alangizi amaponda mu ofesimo kamodzi pamwezi, tsiku la msonkhano, komiti inati yamva ndipo iziganizira.

Hamisu anatchera zonse bwinobwino: laputopu ikangonunkhiza netiweki ya ofesi, iyambe kukopera. Miyezi inadutsa, m'seva muli mbee. Tsiku lina anakhala kumbuyo pa msonkhano n'kumangoonerera. Alangizi analowa, anatsegula malaputopu, bakapu inayamba. Kenaka analowa a Msiska, mkulu wa bungwe. Onse anaimirira n'kutseka malaputopu, phwa, phwa, phwa. Ndi ulemu umenewo. Sungamvere wamkulu maso ali pa galasi. Koma laputopu ikatsekedwa imagona, bakapu n'kugona nayo. Msonkhano ukatha, aliyense liwiro ku galimoto.

Kupempha kuti anthu achepetse ulemu kukanafuna komiti ina. Hamisu anangotenga zingwe zamagetsi zazitali ku sitolo ya bambo ake, n'kuziyala pansi pa tebulo la msonkhano. Kenaka anasintha malaputopu onse kuti akakhala pa magetsi asagone, ngakhale atatsekedwa. Munthu wochokera kumene magetsi amabwera ngati mlendo sachita kum'chonderera kuti atchaje. Kuyambira pamenepo, a Msiska akamayankhula, malaputopu otsekedwa mwaulemu aja amakhala akugwira ntchito. Ndipo a Msiska amayankhula. M'bungwe lonse, amene amayamikira mphatso yawoyi ndi mtima wonse ndi Hamisu yekha.

M'mawa wina wa mu Juni, tsiku la msonkhano, chifunga chili tolo, kunafika Winifred Kayange, mlangizi wa ku Misuku. Misonkhano ingapo inam'dutsa chifukwa mvula inadula msewu, choncho kalembera yense wa alimi oyenera kulandira mbande zatsopano anali m'laputopu yake yokha.

“Monire, a Kassim,” anatero Winifred. “Tamverani mwana wanuyu mmene akulirira.”

Hamisu anaika khutu pa laputopuyo. M'kati munkamveka kete, kete, kete.

“Amama, uyu sakulira, akutsanzika. M'siyeni kuno.”

“Ndim'siye? Mawa ndili ndi alimi. Yobwereka ilipo?”

“Ili pa pulani ya chaka chamawa.”

“Ndiye koperani pa fulashi.”

“Mabowo ndinatseka ndine. Chilolezo chotsegula amapereka ndi a wapampando a komiti, ndipo ali ku wekishopu ku Lilongwe, foni yozimitsa.”

“Yewo chomene, komiti,” anatero Winifred. “Ndiye mudziwe kuti ikafa, ndikweranso mapiri onse aja ndi miyendo iyi, ndipo pomaliza mbande adzakhala atagawa kale. Galimoto ya ku Chitipa inyamuka miting'i ikangotha. A Elton, dalaivala uja, mukuwadziwa, sadikira ngakhale m'busa.”

Hamisu anam'limbitsa mtima. Analumikiza laputopuyo ku magetsi m'chipinda cha msonkhano n'kukakhala kumbuyo, foni ili pa ntchafu, akuyang'ana kamzere kobiriwira koonetsa pomwe bakapu yafika. Mafayilo anali ambiri, koma pa tsiku labwinobwino a Msiska akanakwanira.

A Msiska analowa atakulunga sikafu, mphuno zili zofiira. “Chimfine chandigwira,” anatero ndi mawu osasa. “Lero ndifupikitsa.” Mawu amenewa amawanena mwezi uliwonse, choncho palibe anatekeseka. Koma tsiku limenelo anafupikitsadi. Anthu anayang'anana ngati aona njoka ya miyendo. Kamzere kaja kanali kasanafike n'pakati pomwe.

“Pali funso?” anafunsa a Msiska, atayamba kale kudzuka. Pakhomo, Elton ankaliza makiyi.

Hamisu, amene chiyambireni ntchito anali asanafunsepo kanthu pa msonkhano, anakweza dzanja.

“Bwana, ena a ife tinalipeza bungweli litakula kale. Mungatikumbutseko mmene linayambira?”

Wanangwa wa ku akaunti, yemwe anakhala pambali pake, anam'tsina pa nthiti. “A Shehe,” ananong'ona, “takulakwirani chiyani ife?”

A Msiska anakhalanso pansi. Anavula sikafu, anaitanitsa madzi ofunda, ndipo chimfine chinawasiya pomwepo. Anayambira pansi pa mtengo wina ku Mphompha, pomwe anthu ochepa anakumana opanda mpando. Anafotokoza za njinga yobwereka, za nduna ina imene inalonjeza kubwera, za mbuzi imene inaphedwa poidikira ndunayo. Kamzere kankayenda. Pamene mawu anayamba kuzirala, Winifred anayang'ana Hamisu. Hamisu anapukusa mutu pang'ono.

“Adada,” anatero Winifred mokoma, “nanga njinga ija inathera kuti?”

Wina kumbuyo anabuula. Njingayo inali ndi mbiri yakeyake, ndipo inadutsa m'manja ambiri.

Kamzere katadzaza, Hamisu anagwedeza mutu. Winifred anayamba kuwomba m'manja, enawo n'kulandirira ndi mphamvu za anthu anjala, mpaka a Msiska anaona okha kuti pamenepo mpomalizira pabwino.

Laputopu ija inafa sabata yotsatira, ili m'chikwama. Hamisu anakopera zonse kuchokera ku seva n'kuika m'kompyuta yakale ya ku sitolo ya bambo ake, Elton n'kukasiya ku Misuku akung'ung'udza njira yonse. Alimi analandira mbande.

Anzake a mu ofesi anatenga nthawi kuti am'khululukire. Wanangwa masiku ano amakhala dala kumanja kwake, atam'gwira malaya kuti dzanja lisakwere. Koma a Msiska anapeza munthu wa mtima wawo, ndipo msonkhano uliwonse asanatseke amatembenukira kumbuyo.

“Hamisu, mwana wanga, lero ulibe funso?”

Hamisu amayamba wasuzumira pa foni, kenaka n'kuyankha.