Abakha a Amayi pa Komboni

Kuseri kwa nyumba yathu kunali tayala la thirakitala lodulidwa pakati, lokwiriridwa m'nthaka mpaka m'milomo. Limeneli ndilo linali dziwe la abakha a amayi. Madzi ake ankakhala obiriwira, ndipo dzuwa likaswa mtengo ankanunkha mphira ndi zitosi. Ntchito yanga inali kuwakapa ndi chitini, kuthirira mpiru ndi tomato m'kadimba kathu, kenako kukatunga ena kuchitsime. Ndinali kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, pa pulazi ya fodya kufupi ndi tauni ya Karoi, kudziko la anthu a Chishona, m'zaka za Chitaganya.

Abakhawo anali aja a nkhope zofiira, osalira, ongopuma mwawefuwefu ngati munthu wotopa. Anzanga a Chishona ankawatcha madhadha. Amayi anayamba ndi thadzi limodzi lomwe anasinthanitsa ndi nsalu yawo yakutchalitchi, ndipo bambo anamanga khola ndi mikangala yothyoka yopachikira fodya yomwe ankatola kumabalani. Pansi pake ankawazapo phulusa. M'madzi akumwa amayi ankaduliramo gavakava, tsamba lowawa lija, ati limatsuka m'mimba. Mitambo ikada, ankandituma kutolera tiana tonse m'dengu ndi kutiika pafupi ndi moto.

"Kabakha sikafa ndi njala, kamafa ndi chinyezi," ankatero.

Bambo anali osonkhezera moto m'mabalani owotchera fodya. Nyengo imeneyo ya dzinja ankatuluka m'ng'anjo thukuta lili kamukamu n'kulowa m'mvula, kenako kubwereranso kumoto. Chifuwa chinayamba ngati chimfine. Posakhalitsa malaya awo anayamba kuwakulira, ndipo ankakhala pakhonde kuyang'ana abakha akusamba, mpango uli pakamwa. Amayi anapha bakha wamphongo wonenepa kuti bambo amwe msuzi. Bambo anangolawa pang'ono n'kundipatsa mbale. Lole ya pulazi inawatengera kuchipatala fodya asanathe kuthyoledwa, ndipo inabwera nawo atakulungidwa m'bulangete. Tinawaika kumalire a pulazi, komwe kunkagona matchona onse ochokera ku Nyasalandi ndi ku Tete.

Maliro atatha kunabwera akapitawo. Anali munthu wamkulu kuposa bambo, wa imvi m'mbali mwa makutu, wonunkha fodya wofwenkha ndi mafuta a njinga. Anakhala pampando wa bambo, amayi atagwada chapatali. Anati mzungu wapepesa, koma nyumba ya pa komboni ndi ya mwamuna wogwira ntchito ya tikiti. Mkazi angathe kusankha fodya kushedi, koma nyumba sapatsidwa. Fodya akatha kugulitsidwa, tichoke.

Amalume, mchimwene wa amayi, anabwera pa basi kuchokera ku pulazi ina ya ku Concession. Ndinkayembekeza kuti atitenga, ndipo ndinali nditasankha kale dengu lonyamuliramo abakha. Koma anakhala nthawi yaitali akupotokola chipewa chawo.

"Mlongo, ndilibe pokuika. Ifenso tapanikizana m'chipinda chimodzi."

"Nanga kumudzi, achimwene?"

"Mudzi uti? Ukafika kwa yani?"

Amayi anachoka ku Ntcheu ali kumsana. Njira sankaidziwa, ndipo amene akanawazindikira anali atamwalira kale. Lero ndikamakumbukira amalume sindiwaweruza. Anali munthu wa tikiti ngati bambo, ndipo denga lomwe ankagonamo silinali lawo.

Kuchokera apo amayi anayamba kupita kushedi m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, manja ali bii ndi phula la fodya. Khola linasowa mwini. Chiswe chinadya mikangala ya pansi, ndipo msulu unapeza polowera. Mmawa wina tinapeza nthenga zili mbwee, thadzi loyamba lija litadyedwa khosi. Tsiku lina mvula inagwa ndili kusukulu. Aphunzitsi anakana kunditulutsa, ati mwana wa sukulu sathawira abakha. Nditafika kunyumba, tiana tinali titagona chagada m'matope, timiyendo tili m'mwamba. Ndinatiika m'dengu pafupi ndi moto monga anandiphunzitsira amayi. Tiwiri tinadzuka, tina tonse tinauma. Amayi atabwera anayang'ana m'dengumo n'kupita kukatsuka m'manja. Sanandikalipire, ndipo ndinkalakalaka akanandikalipira.

Sabata yotsatira akapitawo anabweranso, atamangirira mpukutu wa waya pa njinga. Anavula jekete n'kutseka mabowo onse a khola. Ulendo wina anabwera ndi thumba la madeya. Ulendo winanso anabweretsa bakha wamphongo, ndi shuga wokulunga m'pepala. Ine ndinkawathamangira kukawalandira njinga. Ankandipatsa siwiti n'kundiuza kuti ndikasewere, koma tsiku lina ndinamva mawu awo ndili kuseri kwa nyumba.

"Ziwetozi zikufuna mwamuna wozimangira khola, mayi. Kwanga malo alipo."

"Ndamva, bambo," anayankha amayi, nkhope ili pansi.

Madzulo ake ndinauza amayi kuti akapitawo ndi munthu wabwino kuposa onse pa komboni. Anali akutsuka mphika. Anaupala ndi mchenga mpaka kalekale, ngakhale unali utayera.

Sindinganene kuti akapitawo anali munthu wankhanza. Sanatimenyepo, ndipo phoso la kwawo silinkaperewera. Koma ankadziwa kuti mayi wamasiyeyo analibe kolowera, ndipo tsiku lochoka m'nyumba analitchula ndi iwo omwe. Akanafuna akanakatipemphera kwa mzungu. Zimenezi ndinadzaziona nditakula, nditakhala ndi ana anga.

Tinasamukira kwa akapitawo Lamlungu, anthu atatuluka m'tchalitchi chomwe amayi anali atasiya kupitako. Katundu anali wochepa: mphasa, miphika, bulangete. Ine ndinakupatira bakha m'khwapa, mtima wake ukugunda pa nthiti zanga, ndipo tinadutsa pakati pa komboni yonse. Azimayi anaima m'makomo osatipatsa moni. Mkazi wamkulu wa akapitawo anali akusesa pabwalo, ndipo sanadzutse mutu. Tisanafike n'komwe, banja lina linali litayamba kulowetsa katundu m'nyumba mwathu, mwana wawo akuthyola tomato wanga wosapsa.

Khola la kwa akapitawo linali la njerwa zotsala kumabalani, lofolera ndi lata, pafupi ndi thanki ya madzi. Msulu sukanalowa, mvula sikanafika. Nyengo yozizira isanathe, thadzi linaswa tiana tambiri ndipo palibe kamene kanafa. Ndinathamanga kukawaitana amayi kuti adzaone.

"Ndi ako tsopano, mwanangu," anatero. "Uziwasamalira wekha."

Sanayandikirenso khola. Anasiya kuyimba pokonola, ndipo ankachedwa kubafa m'mawa mpaka madzi kuzizira. Ine ndinawakwiyira. Ndinkaona kuti ndi osayamika, chifukwa abakha athu anali atapeza nyumba yabwino kuposa ina iliyonse pa pulazi. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti akapitawo anatitenga chifukwa chokonda abakha, ndipo sindinadzifunse kuti khola la njerwalo analipira ndani.