Maliro a Bambo Pakati pa Nyimbo ndi Ng'oma

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anamwalira kuchipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga. Ine ndi amayi ndife tinkawadwazika. Mtembo tinaunyamula pa lole ya fodya kupita kwawo kwa bambo, kumapiri a kuseri kwa Malomo, m'nyengo ya chisanu cholowa m'mafupa.

Bambo analowa gule wamkulu ali mnyamata, monga amuna ambiri a m'mudzi mwawo. Pokwatira amayi, bambo anabatizidwa, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndi mkulu wawo, a Gwaza, sankamwerana madzi.

M'mawa wa tsiku loika maliro, a Gwaza anaima pakhomo la nyumba imene munali mtembo, kumbuyo kwawo kuli amuna a gule, ena atagwira zibonga.

"Uyu ndi wathu," anatero. "Wolowa gule amaperekezedwa ndi gule."

A Chimphepo, mkulu wa mpingo, anatseka buku lawo la nyimbo. "Munthuyu anali mkhristu wa mgonero. Ng'oma ikangolira pano ife tinyamuka, ndipo mayi wamasiyeyu akayankha kubwalo la mpingo."

Azimayi a mpingo ovala zoyera analeka kuimba. Kunangotsala kulira kwa nkhunda padenga. Pansi pa mtengo wa mbawa panaima anyamata awiri achipani, ovala malaya ofiira, akupenyetsetsa. Masiku amenewo tinkauzidwa kuti dziko lili pa bata, choncho woyambitsa chisokonezo ankatha kutchedwa woukira. Ndinkadziwa mabanja amene bambo awo anatengedwa chotero osabwerako.

Kenaka wina anandiloza. "Mwanayu anali pomwepo. Anene yekha zimene malemu anasiya atanena."

Maso onse anagwera pa ine. Ndikanati mpingo, zibonga zija zinali pafupi. Ndikanati gule, amayi akanadulidwa mumpingo, ndipo mchimwene wanga akanataya malo kusukulu ya mishoni.

Anandipulumutsa ndi azakhali a Naphiri, mlongo wawo wa bambo, mayi wamfupi wogulitsa tomato kumsika wa Kasakula. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kuyamba apita kwa anyamata achipani aja. Anagwada. "Ana anga, pano ndi pamaliro, chisoni chimakweza mawu. Khalani pansi mumwe thobwa." Atawakhazika, anabwera kudzandigwira dzanja. "Mwana safunsidwa pagulu ngati wakuba nkhuku," anatero, n'kuitanira akuluakulu awiri aja kuseri kwa nkhokwe.

Kumeneko kunkanunkha chimanga chatsopano. Azakhali anakhala pakati pa amuna awiriwo, ine pamwendo pawo.

"Zimene mukufuna tazimva tonse," anatero. "Tsopano aliyense anene chimene akuopa."

A Chimphepo anayamba ndi mavesi, koma azakhali anangowayang'ana mpaka mavesi anatha. Pomaliza anavomera kuti abusa akamva kuti gule wavina pamaliro a mkhristu, iwo adzachotsedwa pa ukulu, ndipo katchalitchi kamene anavutika kumanga m'mudzimo kadzatsekedwa.

A Gwaza anakumba pansi ndi chibonga. Poyankhula, mawu awo anali osasa. "Tsiku lobatizidwa, mng'ono wangayu anaima pamaso pa anthu n'kunena kuti wachoka kumdima. Mdimawo ndine, amene ndinamulera mayi athu atamwalira. Munandilanda ali moyo. Mundilandenso atafa?"

Pamenepo azakhali anandisisita kumsana. "Nena zimene unamva, mwanawe. Usaonjeze, usachotse."

"Za maliro sananene chilichonse," ndinatero. "Koma chitseko cha m'chipinda chikangotseguka ankadzutsa mutu n'kufunsa kuti, 'Kodi ndi achimwene?'"

Nthawi yonse ya matendayo a Gwaza sanabwereko kuchipatala. Anandiyang'ana ngati ndawathira madzi otentha, kenaka anabisa nkhope m'manja. Mapewa awo aakulu aja ankagwedezeka. A Chimphepo anavula chipewa.

Nkhani sinathere pomwepo. Anakokanabe mpaka dzuwa linapendeka, azakhali akubweza aliyense wofuna kunyamuka. Anamvana kuti mpingo utsogolere mwambo, koma a Gwaza ayankhule m'malo mwa banja ndi kuponya dothi loyamba. Gule adzatuluka pa mowa wa chikumbutso patapita miyezi, ife titabwerera kwathu. "Zimene sindinaone sindingakazinene," anatero a Chimphepo, maso ali pansi.

Si onse anakondwa. Amuna ena a gule anachoka osadya, ndipo mayi wina wa kumpingo ananong'ona kuti mkulu wa mpingo wagulitsa chikhulupiriro. Komabe bambo tinawaika dzuwa lisanalowe, popanda wokhetsa magazi kapena wotengedwa.

Lero ndimagwira ntchito yofufuza njira zothetsera mikangano, pamodzi ndi anzanga ophunzira malamulo, mbiri, zipembedzo ndi maganizo a munthu. Tikaunika mlandu ngati uwu, wa malamulo amafunsa kuti mtembo ngwa yani, wa mbiri amayambira pa kubwera kwa amishoni. Onse amakhoza, koma aliyense mbali yake yokha. Chimene ndinaphunzira kuseri kwa nkhokwe ija n'chakuti mawu amene munthu amakuwa pagulu kawirikawiri sali bala lake lenileni, ndipo bala salionetsa pamene pali omuonerera. Ndinaphunziranso kuti mtendere sutanthauza kuti wina wasanduka mnzake. A Gwaza sanalowepo m'tchalitchi mpaka imfa yawo. Tsiku la ukwati wanga anayenda wapansi kudutsa mapiri, nakhala panja pafupi ndi zenera, atavala jekete yobwereka, ndipo anamvetsera mwambo wonse mpaka ameni womaliza.