Mayina M'bokosi la Zigaza

Anandilanda bokosi la masewera ndi zala ziwiri za dzanja lamanja, zonse tsiku limodzi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ku komboni ya George, nthawi ya mvula.

Bokosilo amalume analitola kudzala la ku Chunga, komwe ankatolera mabotolo ogulitsa. Linkanunkha utsi ndi chinyezi. M'kati munali timakatoni tojambulidwa zipinda za pansi pa nthaka, makadi a zilombo ndi dayisi imodzi yofiira. Malamulo ake anali a Chingerezi. Ndinalimbana nawo ndekha masiku atatu, ndipo palibe chomwe mphunzitsi anandiphunzitsapo chimene chinandilowa m'mutu ngati amenewo.

Timakatonito tinkatiyala tovundikira. Ukaponya dayisi umayenda, n'kuvundukula chipinda chomwe walowa. Mwina upezamo lupanga, mwina chigaza choyenda, mwina khoswe wamkulu ngati galu. Dayisi ikagwa pa zinayi kapena kuposa, chilombocho wachidula mutu. Ikaperewera chimakuluma, ndipo umataya mtima umodzi mwa isanu. Mitima yathu inali nyemba. Simupikisana ayi. Nonse anayi mumatsika limodzi kukasaka chinjoka cha m'chipinda chomaliza, ndipo mnzako akatsala ndi nyemba imodzi, umaima kutsogolo kwake. Chinjokacho sitinachifikepo.

Tizidole toimira osewera munalibe. Ndiye aliyense ndinkamulembera dzina pakapepala, n'kukanikiza m'chitsekerero cha botolo. Amene wafa, chitsekerero chake tinkachiponya m'bokosi pamodzi ndi makadi a zigaza. Nzeru imeneyo inali yanga, ndipo ndinkanyada nayo.

Madzi atasefukira m'zimbudzi, kolera inalowa. Mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe, amene pamasewerawo ankakonda kukhala woponya mivi, anadwala Lachiwiri, Lachinayi anamwalira. Pamaliro mng'ono wake anangolankhula, osadziwa kanthu: "Dzina yake ili mu bokosi ya uja."

Anthu anabwera dzuwa lili pamutu, n'kudzaza kanjira kathu. Ena anali ndi miyala, bambo wina chigubu cha palafini. Amake a malemu anakhuthulira bokosi pansi n'kupeza dzina la mwana wawo, lolembedwa ndi dzanja langa, litagona pa chigaza. Anakuwa:

"Ni wa Satana uyu mwana. Mumuchose panja."

Amayi anga anagwada m'matope kuti afotokoze. Mwala unawang'amba pamphumi asanamalize.

Amalume anandikokera panja okha. Anayamba ndi makofi, kenako mateche m'nthiti, mpaka ndinalavula magazi. Anaika dzanja langa pa njerwa, natenga mpini wa fosholo.

"Ni iyi kwanja yamene inalemba? Penyani monse."

Zala zinalira ngati chinangwa chouma. Bokosi analiponya pambaula, zipinda zija n'kupindika m'moto chimodzichimodzi. Anthu anaonerera mpaka kukhuta, kenako anayamba kuchoka. Wachigubu uja anabwerera nacho chodzaza.

Zalazo zinapola zokhota. Cholembera sichinakhazikikenso m'dzanja, ndipo mphunzitsi ankandikwapula chifukwa cholemba ngati nkhuku, mpaka ndinaleka sukulu giredi seveni isanathe.

Lero ndikudziwa chimene amalume ankawombola ndi zala zangazo. Nyumba sinapse, ine ndili moyo. Sindinawathokozepo, ndipo musandiuze kuti ndiwathokoze.

Koma tsiku lija, amayi akundimanga dzanja ndi chitenje chong'amba, ndinkamva amalume kuseri kwa nyumba akusanza, kusanza, osaleka. Ndinadabwa kuti iwo chikuwapweteka n'chiyani, poti womenyedwa ndinali ine.