Agogo Zuze ndi Alamu ya pa Tsiku la Ukwati

Munthu akangotchula dzina la agogo Zuze, mphuno zanga zimayamba kumva fungo la girisi wotenthedwa ndi dzuwa la ku Ngabu, losakanikirana ndi utsi wa fodya wopichira m'pepala la kope yakale, ndipo ndimawaona atakhala pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa mpanda wathu, miyendo atatambasula, gudumu la njinga ya kabaza lili pamaondo, abakha awo akuzungulira beseni la madzi limene ankayeseramo machubu obooka. Sanali agogo anga enieni. Tinangoyandikana nyumba, koma mwana aliyense m'dera lathu ankawatchula choncho, ngakhale kuti kuwaitana kunali kutaya mawu pachabe, chifukwa makutu awo anali atatseka kalekale.

Eni ake ankati makutuwo anawasiya kuminda ya nzimbe, kumene anayendetsa thirakitala zaka zambiri asanakwezedwe kukhala dalaivala wa bwana wina wa kumeneko. Polankhula ankakuwa ngati ali kutsidya kwa Shire, akusakaniza Chimang'anja ndi Chisena mmene lilime lafunira. Ukawapatsa moni ankakuyang'anitsitsa pakamwa mpaka umachita manyazi, ndipo ife ana tinkati akufuna aone ngati tatsuka mano.

Chaka chimene ndinali Sitandade 5, bambo anga, omwe anali mphunzitsi, anagula galimoto yoyamba m'banja mwathu. Inali yoyera, yoti inayendapo kale kunja, ndipo inabwera ndi alamu yake. Pamakiyi panali kalimoti, ukadina galimoto inkati tswii tswii n'kuphethira magetsi. Bambo ankakonda kudina kalimotiko makamaka pakakhala anthu. Usiku ndi masana galimotoyo inkagona itafunda lona, kuopa fumbi ndi zala za ana.

Tsiku limene inafika, agogo Zuze anadzuka pamasau paja, anaizungulira kawiri, kenako anagwira boneti kuti aone m'kati. Bambo anawatsekereza ndi dzanja.

"Iyi si thirakitala, achikulire! Muli makompyuta umu."

Agogo anawayang'ana pakamwa, anaseka, nati, "Pyadidi, chabwino, aphunzitsi," n'kubwerera ku machubu awo. Sanaikhudzenso mpaka pa tsiku la ukwati.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, azakhali anga a Malita, mlongo wawo wa bambo, ankamanga ukwati. Galimoto yathu ndiyo inali yonyamula mkwatibwi kupita kutchalitchi, kupitirira msika, ulendo woti wapansi umafika malaya atanyowa. Abusa anali ochokera ku Nsanje, ndipo anali atachenjezeratu kuti masana ali ndi mpingo wina, wochedwa adzadikira Loweruka lina. Ine ndinali m'gulu la atsikana ovina sitepe patsogolo pa akwati, ndipo mwendo wanga wamanzere sunkamvera.

Lachisanu masana, bambo atapita kukatenga mbuzi, ndinapisa m'thumba la jekete yawo kuseri kwa chitseko n'kutenga makiyi. Ndinavundukula lona mbali imodzi, ndinatsegula galimoto, n'kuyatsa wailesi monga ndinkaonera iwo akuchita. Ine ndi anzanga awiri tinavina nyimbo ya sitepe ija mobwerezabwereza mpaka dzuwa linapendeka. Amayi atandiitana kuti ndikathandize kusefa thobwa, ndinazula kiyi, ndinakankha chitseko ndi chiuno, ndinabwezera lona, n'kuthamanga. Chitsekocho sichinatsekeke bwino. Getsi lam'kati linagona likuyaka pansi pa lona, popanda woliona.

Loweruka kunacha bwino. Kuseri kwa nyumba amayi a mpingo anali atasanja miphika ya mpunga ndi nyama ya mbuzi, utsi wa nkhuni za mtsanya ukulowa m'maso, ena akuimba, ena akukangana za mchere. Bambo anatuluka atavala suti, anachotsa lona pamaso pa alendo, anakweza dzanja n'kudina kalimoti. Zii. Anadinanso. Zii. Anatsegula ndi kiyi, anakhala pampando, anapotokola. Injini inangoti tye tye tye, basi.

"Batire latha," anatero. "Latha bwanji, poti dzana lomweli ndayenda nayo?"

Ine ndinali pakhonde, nditavala diresi la pinki ndi masokosi oyera, ndipo ndinakumbukira wailesi ya dzulo ija.

Galimotoyo inali ya otomatiki, yosati n'kukankha. Achimwene a Layitoni, mwana wa bambo aakulu amene ankadziwa chilichonse kuyambira mpira mpaka ndale, anakwera kabaza kukabwereka batire kwa munthu woonetsa kanema kumsika. Anabwera nalo atalifungatira ngati khanda. Anachotsa lakufa lija, anaika latsopano, ndipo waya wachiwiri atangokhudza, dziko linang'ambika.

Sindinamvepo phokoso lotere. Alamu inkati wiu wiu wiu, kenako n'kusintha nyimbo, kenako hutala, magetsi onse akuphethira. Mayi wina anataya chikho cha thobwa. Mbuzi imene inatsala inadula chingwe. Makanda onse analira pamodzi, agalu a m'dera lonse akuthandizira, ndipo anthu a kumsika anayamba kubwera akuthamanga poganiza kuti tagwira wakuba.

Bambo anadina kalimoti mpaka chala chinayera, koma sikanamvere. Anapotokola kiyi, injini osadzuka n'komwe. A Layitoni anachotsa waya wa batire, kunati zii, tonse tinapuma. Anabwezera, inayambiranso pomwe inalekezera. Anachita zimenezi katatu, ngati kuti ulendo wachinayi idzaiwala.

Azakhali anatuluka atavala kale velo, thukuta likujambula mizere pa paudala.

"Achimwene, nthawi yatha. Ndingokwera kabaza."

"Mkwatibwi pakabaza?" amayi anakuwa. "Akuchimuna adzatinena mpaka tidzalowe m'manda!"

Azakhali anakhala pampando n'kuyamba kulira mwakachetechete, akukweza velo kuti lisanyowe. Ine ndinkawayang'ana, ndikufuna kuulula, koma ndikaona nkhope ya bambo ndinkabweza mawu.

A Layitoni anatulutsa pulaya m'thumba. "Bambo, apa n'kudula basi. Waya wofiira uyu ndi amene akulira."

Bambo anayang'ana wotchi, anapukuta pamphumi, ndipo ndinaona kuti atsala pang'ono kuvomera. Pomwepo dzanja lakuda ndi girisi linagwira mkono wa a Layitoni.

"Nkhabe!"

Anali agogo Zuze, akukaniza m'Chisena. Pambuyo pake anatiuza kuti iwo sanamve kalikonse. Anangodabwa abakha awo onse akuthamangira m'nyumba n'kukabisala kunsi kwa bedi, ndiye anasuzumira pampanda n'kuona magetsi akuphethira dzuwa likuwala. Pabwalo ponse anali munthu yekhayo amene sanatseke makutu kapena kukwinya nkhope.

"Galu akamauwa mwini wake sum'dula khosi," anakuwa motero. "Umam'nunkhiza dzanja. Galimotoyi sinapenge. Mwaichotsa batire, ndiye ikuyesa kuti mbava zafika. Ya bwana wanga inkachita chimodzimodzi. Tiiuze kuti ndife eni ake."

Anatambasula dzanja. Bambo anayang'ana dzanjalo, anayang'ana mlongo wawo, n'kuikamo makiyi.

Agogo sanapupulume. Anagwedeza mawaya a pabatire, anapeza umodzi ukusewera, anatulutsa sipanala m'thumba lakumbuyo n'kuulimbitsa. Anatseka boneti. Anazungulira galimoto yonse akutseka zitseko ndi buti chimodzichimodzi, chilichonse akuchikankha ndi bondo kuti atsimikize. Kenako analowetsa kiyi pachitseko cha dalaivala, anakhoma, anatsegula, anakhomanso, n'kutsegula atagwirizira kiyiyo kwakanthawi. Anasanjika chikhatho paboneti ngati namwino woyesa kutentha kwa mwana.

"Ikunjenjemerabe. Chabwino. Alamu iyi ndi ija yoikira pambuyo, ili ndi kabatani kake."

Anakhala pampando wa dalaivala, anapotokola kiyi mpaka timagetsi ta kutsogolo kwa chiwongolero tinayaka, koma osaliza injini. Anapisa dzanja kunsi kwa chiwongolero, akufufuza, maso ali kudenga. Msana wawo unkakana kupinda, zala zawo zinali zonenepa ngati chinangwa. Anatulutsa mutu pawindo, maso awo anadutsa anthu onse n'kudzaima pa ine.

"Iwe Feliya, bwera kuno. Dzanja lako ndi laling'ono."

Ndinalowera chitseko chinacho n'kugona chagada pansi, diresi la pinki likupukuta fumbi, mutu uli pafupi ndi mapazi awo. M'katimo phokoso linkagwedeza mano. Agogo anawerama n'kundiuza kuti nditsatire mawaya ndi zala mpaka ndipeze kabatani kakang'ono ngati njere ya nandolo, chifukwa oika alamu amakabisa dala. Ndinafufuza, misozi ikutsikira m'makutu. Ndipo poti phokoso linali litaphimba zonse, poti munthu amene anali pamwamba panga anali wosamva, ndinalankhula zimene zinkandiotcha kuyambira m'mawa.

"Ndine ndapha batire. Ndimaliza wailesi dzulo. Ndine ndawononga ukwati wa azakhali."

Ndinamva kupepukidwa, monga munthu amene wanena chinsinsi chake m'chitsime. Koma nditakweza maso ndinapeza agogo akundiyang'anitsitsa pakamwa.

"Wailesi?" anafunsa. "Dzulo?"

Ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti zaka zonse zija sankayang'ana mano athu. Ankawerenga milomo.

Chala changa chinali chitakhudza kale kabatani kaja. Agogo anandilozera kuti ndidine n'kugwirizira, osasiya, ndipo akundidikira anapitiriza kukuwa monga mwa chizolowezi chawo, mawu awo akumira m'phokoso.

"Ukawauze wekha bambo ako ukwati ukatha. Mlandu umapepuka ukaunyamula wekha. Koma ine, mwanawe..."

Galimoto inati tswii, n'kukhala chete.

"...ine sindinamve kanthu!"

Mawu omalizawo anamveka pabwalo ponse, mpaka kumiphika. Anthu anaphulika ndi kuseka poganiza kuti akunena za alamu. Agogo anayang'ana nkhope zosekazo, anagwira chiwongolero kuti amve ngati chikunjenjemera, n'kufunsa, "Yaleka?" Kuseka kunawirikiza. Anazimitsa, anadikira pang'ono, anapotokolanso kiyi, ndipo injini inadzuka bwinobwino. Nthungululu zinaposa alamu ija. Anapereka kalimoti kwa bambo pawindo kuti ayese, ndipo nakonso kanayambanso kumvera.

Agogo atayamba kutsika, bambo anagwira chitseko. Anawerama kuti nkhope yawo ionekere bwino, n'kuwathokoza pang'onopang'ono m'Chisena chawo chothyokathyoka.

"Takhuta, achikulire. Musatsike. Mkwatibwi munyamule ndinu."

Agogo anapempha mphindi ziwiri. Anabwera atasamba m'manja, atavala jekete ya khaki ya ku esiteti ndi chipewa chake. Azakhali anakhala kumbuyo, bambo anakhala kutsogolo ngati mlendo, ife ovina tinapanikizana m'mphepete. Ndiye ulendo wake! Agogo anaiyendetsa ngati thirakitala yodzaza nzimbe. Akabaza ankatipitirira akuimba belu, mayi wina wosenza thumba la thonje anayenda nafe limodzi kuchokera pamsika mpaka pamjigo. Bambo ankangoti, "Pondani pang'ono, achikulire," koma agogo maso anali pamsewu, ndiye sanamvedi. Tinapeza abusa ataima pakhomo la tchalitchi, Baibulo m'khwapa, akuchimuna atatha nyimbo zonse zimene ankadziwa. Ukwati unamangidwa. Ine ndinavina sitepe ndi diresi lakuda kumsana, ndipo mwendo wamanzere sunaphonye ngakhale kamodzi.

Lamulungu masana, alendo atabalalika, ndinapeza bambo akupukuta galasi la galimoto. Ndinagwada n'kunena zonse. Anasiya kupukuta, nsanza ili m'manja.

"A Zuze akudziwa?"

"Eya, bambo."

"Osandiuza?"

"Anati ndinene ndekha."

Bambo anayesetsa kuumitsa nkhope, koma pakamwa panawakana. "Teremu yonse ino, Loweruka lililonse, galimotoyi uzitsuka ndiwe. Ndi matayala omwe." Kenako anatenga botolo la thobwa wotsala ndi buku limene linabwera ndi galimotoyo, lolembedwa m'zilembo zimene palibe ankatha kuwerenga, n'kuzungulira mpanda. Kuyambira pamenepo, Loweruka ndikamatsuka, boneti inkakhala yotsegula, mitu iwiri itaweramiramo, wina akukuwa, wina akugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Ine ndinkachedwetsa dala kutsukako kuti ndimve nawo.

Agogo Zuze anatisiya ndili Fomu 3. Lero ndimagwira ntchito pa boma la Nsanje, ndipo alamu ikalira penapake anthu onse n'kukwinya nkhope, ine ndimapezeka ndikumwetulira ndekha. Chilimwe chathachi, pafupi ndi poimikira maminibasi, ndinapeza bambo wina wa tayi akutuluka thukuta pambali pa galimoto yolira, anyamata atatu akum'langiza kuti adule waya. Ndinam'funsa ngati wangosintha batire, anavomera. Ndinamanga chitenje pamwamba pa siketi ya kuntchito, ndinapempha makiyi, n'kugwada pafumbi. Itakhala chete, bamboyo anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Mayi, zimenezi munaphunzira kuti?"

"Ku Ngabu," ndinayankha ndikusasa mawondo. "Kwa munthu amene alamu sanaimvepo chibadwire."