Kamsewu ka ku Boda ya Dedza

Chinali chikwama chachikulu cha pulasitiki, cha mizeremizere yofiira ndi yabuluu, zipi yake yothothoka mbali imodzi. Amayi anachisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza m'mawa wa tsiku lomwe ankanyamuka ulendo wa ku Joni. Zikwama zotero ndimaziona zitaunjikidwa m'mashopu a ku Naif, kuno kudziko la Aarabu kumene ndimagwira ntchito, tsiku langa lopuma, koma sindinagulepo n'chimodzi chomwe.

Tinkakhala m'mphepete mwa kamsewu kochokera pa boda ya Dedza kukakumana ndi msewu waukulu wa ku Lilongwe. Kamsewuko n'kakafupi, munthu amakamaliza wapansi thukuta lisanatuluke, koma kwa ine wa zaka zisanu ndi zinayi dziko lonse linkathera pomwepo. Bambo sindinawadziwe. Amayi atakwera basi ndinatsala ndi amalume, amene ankakazinga tchipisi pa chiwaya pafupi ndi pomwe mathiraki ankandanda kudikira kuwoloka.

"Ndibwera chimanga chikauma, ndidzakubweretsera njinga," anatero amayi. Chimanga chinauma, anthu anakolola, mpaka Juni analowa ndi chisanu chake.

Nyengo imeneyo ndimaikumbukira ndi mphuno: utsi wa dizilo, mafuta opserera pa chiwaya, nkhungu yotsika m'phiri ndi fungo la paini. Milomo inkang'ambika, miyendo mbuu. Ndikaweruka kusukulu ndinkakakhala pamwala wina wa m'mbali mwa msewu, kudikira mabasi a ku Joni. Ankabwera atakoka ngolo zodzaza mafiriji, matiresi ndi njinga. Basi ikamadutsa ndinkayang'ana nkhope za azimayi m'mawindo, mmodzimmodzi.

Tsiku lina aphunzitsi anandipeza pamwalapo nthawi ya sukulu. Sanandikwapule. Anangoti, "Msewu suthawa, mwanangu. Tiye." Lero ndikudziwa kuti anali atamva kale zimene akuluakulu ankanong'onezana, zoti amayi akudwala chifuwa m'kachipinda kena kutaliko. Aliyense ankadziwa kupatula ine. Amalume anandilera bwino ndipo ndimawayamika, koma pa ichi chokha mtima umakanabe. Akanandiuza, bwenzi nditapempha kumva mawu a amayi pa foni, ngakhale kamodzi.

Loweruka lina masana pa boda panatulukira minibasi ikukoka kangolo kotseka. Inkayenda pang'onopang'ono, magetsi akuphethira, kenako inakhotera kwathu. Ndinalumpha pamwala paja n'kuithamangira ndikukuwa kuti amayi abwera, amayi abwera ndi katundu! Ndinkamenya kangoloko ndi chikhatho. Chitsulo chake chinali chozizira, fumbi la ulendo wonse likunditsalira m'manja. Azimayi ogulitsa mbatata anaimirira atagwira pakamwa. Amalume anasiya chiwaya pamoto, anandinyamula ngati khanda, ine ndikuphiriphitha.

"Njinga yanga ili m'menemo, amalume?"

Tchipisi zija zinapserera zonse.

Bokosi la maliro limene linali m'kangolomo silinatsegulidwe. Anati ulendo unali wautali. Ndinakhala pamphasa pakati pa azimayi a mvano, ndikumvera nyimbo zawo, maso ali gwa. Mmodzi anandifunditsa chitenje chake n'kunena kuti mwanayu ngolimba mtima.

Tsopano ndimalera ana awiri a eni ake m'nyumba ina kudera la Al Twar, kuno kwa Aarabu. Wanga wamkazi ndinamusiya kwa amalume omwewo, imvi zili mbuu m'mutu. Pa foni amandifunsa kuti ndibwera liti, ndipo sindimutchulira nyengo. Ndimangoti inshallah, mawu amene ndinatola kuno, iye n'kumaseka kuti ndasanduka Mwarabu. Koma ndikadwala, ngakhale chimfine chabe, ndimamuuza tsiku lomwelo.

Maliro atatha ndinabwerera pamwala paja. Anthu ankayesa kuti n'chisoni, ena ankandipatsa nthochi, ena kundisisita m'mutu. Ayi, sichinali chisoni. Ndinali nditaiganizira bwinobwino nkhaniyo. Amayi anapita pa basi yaikulu, atakhala pampando ngati anthu ena onse, nanga munthu wopita pa basi angabwere bwanji m'kangolo ka katundu? Amene tinamuika uja anali wa eni ake, anangomusokoneza pa boda. Ndinkamumvera chisoni mwana wake, kulikonse kumene anali, ndipo ndinadikirabe mabasi mpaka mvula yoyamba inagwa.