Chifuwa cha Lole

Dzulo minibasi yathu inawira pa Khonjeni. Dalaivala atatsegula rediyeta, fungo la madzi a dzimbiri linandibwezera ku galaja ya pa esiteti ya tiyi, ndili kamtsikana.

Amayi anali atagonekedwa m'chipatala ku Makwasa, akudwala chifuwa. Kunyumba kunalibe wondisiyira, choncho bambo, omwe anali makaniko, ankanditenga kuntchito. Ndinkangokhala ndekha pa tayala lakutha, popanda wondiyankhula.

Tsiku lina kunabwera chilole chotuta masamba m'mapiri, chikufuka nthunzi. Chitazizira, bambo anamasula mapaipi ndi mabawuti, n'kutulutsa rediyeta mothandizana ndi anzawo. Poitsuka munatuluka madzi ofiira ngati dothi la kwathu.

"Chatani?" ndinafunsa.

"Chinatsekeka chifuwa, mwanawe. Tsopano chipuma bwino."

Atabwezera rediyeta ija m'malo mwake, injini inadzuka bwinobwino. Ndinawakoka ovolosi.

"Ababa, mawa mutenge masipanalawa, tikawatsukenso amayi."

Bambo analowa kunsi kwa lole n'kumamanga bawuti yomwe anali atamanga kale. Ndinawadikira mpaka dzuwa linapendeka.

Amayi sanabwereko ku Makwasa. Ndadzazindikira nditakula kuti kunsi kwa loleko n'kokhako kumene bambo akanalirira ine osawaona.