Chibwibwi cha a Lowell

Ine ntchito yanga ndi singano. Ndimasoka ndi kukonza zovala za anthu oyendetsa alendo muno mu Boston, aja amavala zipewa za ngodya zitatu ndi masokosi ofika m'mawondo, n'kumatsogolera gulu pamzere wa njerwa zofiira. Ndimawadziwa onse kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, ndipo amene mimba yayamba kumukulira sangandinamize.

A Lowell Gagnon ndinawadziwa asanamere imvi. Akavala jekete lawo labulawuni amasanduka Josiah Thwing, wopota zingwe za zombo wa m'nthawi ya atsamunda, munthu amene anamupeka okha. Thwing ndi wapakamwa. Amakuimika pamene asilikali a Angerezi anawombera anthu, n'kukufotokozera mpaka umacheuka kuopa kuti mfuti zili kumbuyo kwako. Akaona mlendo akujambula ndi foni amati, "Mayi, kagalasi kanuko munakalipirira msonkho kwa mfumu?" Anthu n'kumaseka mpaka misozi. Akakhala m'jeketemo, Lowell kulibe. Ngakhale ine amene ndimawasokera zigamba, ndikawapatsa moni pamsewu amandiyankha ndi Thwing.

Koma akavula jekete, a Lowell ndi achibwibwi, chibwibwi chogwira nsagwada. Pogula khofi amaloza ndi chala. Foni amaiopa ngati njoka. Akabwera kushopu kwanga amakhala pampando, ine n'kumalongolola, iwo n'kumagwedeza mutu, ndipo ubwenzi wathu unayenda bwino choncho, poti ine pakamwa sipanditopa.

Chimene chinkandiwawa ndi nkhani ya mwana wawo mmodzi yekhayo, Corinne. Akazi awo atamwalira, abusa anawapempha kuti anenepo mawu m'tchalitchi. Anaimirira, nsagwada zinagwirana, anakhalanso pansi. M'mawa mwake anavala jekete n'kupita kuntchito. Corinne anawapeza ali pakati pa alendo, mawu akutuluka ngati madzi a pampopi, anthu akuseka. Anati bambo amene ali ndi mawu a anthu odutsa koma alibe a mkazi wake ndi mwana wake, iye alibe naye ntchito. Anasamukira ku Ohio, ndipo zaka zinapita osamvana.

Ndinkawakalipira, sindibisa. "Inu a Lowell, muimbireni mwana uja. Kodi adzakuikani m'manda ndi Thwing?" Iwo ankangoyang'ana ulusi umene unagwa pansi.

Tsiku lina, masamba atayamba kufiira, kunabwera basi yodzaza aphunzitsi opuma pantchito, ndipo akuluakulu a oyendetsa alendo anandipempha kuti ndiziyenda kumbuyo kwa gulu la a Lowell kuti okalamba asatsalire. Tikunyamuka kupaki kumene ulendo umayambira, ndinamuona Corinne m'gulumo. Tsitsi anali atadula, koma kayendedwe kanali ka mayi ake.

"Iwe, wabwera liti?" ndinamufunsa chapansipansi.

"Musandiulule, anti," anatero. "Ndagula tikiti ngati wina aliyense. Ngati mawu a bambo anga amamveka kuno kokha, ndiwamvera konkuno. Mawa ndikubwerera."

A Lowell anamuona titafika patchalitchi choyamba. Ndinadziwa chifukwa dzanja lawo linaima m'mwamba kanthawi. Koma Thwing sanaphonye liwu. Anapitiriza za tiyi amene anatayidwa m'madzi padoko, za mfumu yakutali yofuna msonkho kwa anthu amene sinawaonepo. Tinayenda pang'onopang'ono, dzuwa lili lofunda bwino, mpaka tinalowa m'manda akale a miyala yopendekeka. Pamenepo ndi pamene Thwing amalola mafunso.

Bambo wina anafunsa ngati anthu a nthawiyo ankasamba.

"Kamodzi pachaka, bwana," anayankha Thwing, "kaya tada kaya sitinade."

Kuseka kutatha, Corinne anakweza dzanja. "Bambo Thwing, muli ndi ana?"

"Anyamata atatu, mayi, ndipo amadya ngati mahatchi a bwanamkubwa."

"Wamkazi mulibe?"

Funsolo kwa Thwing linali lopepuka, ndipo ndicho chinandiopsa. Ndinaona pakamwa pakutseguka, nthabwala ili kale palilime, ndipo ndinadziwa kuti ikatuluka mwanayu sadzapondanso mu Boston. Koma anatseka pakamwa. Anamasula mabatani limodzilimodzi, anavula jekete, anandipatsa ine.

Anatsala ndi malaya onyowa ndi thukuta, kankhalamba kochepa thupi pakati pa manda.

"Ndi... ndi... ndili naye," anatero a Lowell. "Dzi... dzina lake ndi Co... Co..."

Nsagwada zinagwirana. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Ena anayamba kuseka poyesa kuti ndi sewero lomwelo, kenaka anangoti zii. Mayi wina wachifundo, uphunzitsi usanamuthere, anafuna kuthandiza. "Constance? Cora?"

"Asiyeni, mayi," anatero Corinne, osamuyang'ana n'komwe. Anasendera pafupi ndi bambo ake. "Musathamange, ababa. Ine sindikupita kulikonse."

Panatenga nthawi. Magalimoto ankadutsa kuseri kwa mpanda, gulu lina la ana asukulu linalowa n'kutulukanso, ife tili chiimire. Ndinachita manyazi m'malo mwawo, ndinawamvera chisoni, ndipo ndinawanyadira, zonse pamodzi, mpaka ndinapeza kuti ndikupukuta m'maso ndi jekete la Thwing. A Lowell anatsinzina, anapuma, anayambanso. Anakakamiranso pomwepo. Anayambanso.

Dzinalo linatuluka lothyoka pakati, mbali yoyamba mokuwa, yotsala monong'ona. Akanakhala Thwing sakanalola kuti liwu loipa choncho lituluke pamaso pa alendo.

"Ndamva, ababa," anatero Corinne. "Nenaninso."